Gulu la magazi ndi kuundana kwa magazi, zikukhudzana pati?

Sabata yatha pa gulupu yathu ya pachibale ya WhatsApp panagwa uthenga wina wongopatsirana, mukuwadziwa aja opanda dzina la amene walemba, woti anthu a gulu A, B ndi AB magazi awo amaundana nsanga ndiye adzafa ndi sitiroko, pomwe a gulu O alibe vuto lililonse. Pasanathe ola azakhali anga amene amatchola tiyi pa esiteti ina kuno ku Mulanje anandiyimbira, mawu akunjenjemera, amvekere "Mwanawe, paja m'buku langa la kusikelo lija analembamo A, nde kuti ine basi zanga zada?" Ndinawauza kuti zakhali khalani pansi kaye, musamwe mankhwala alionse, ndikufotokozerani. Zomwe ndinawafotokozera usiku umenewo ndi zomwe ndalemba apazi, ndangowonjezera zina ndi zina.

Ndikulemba mosamala chifukwa kuno kwathu nkhani ya magazi simasewera. Tonse tikukumbuka 2017, mphekesera za anamapopa zitayamba ku Mulanje ndi Phalombe mpaka kufika Thyolo ndi Blantyre, anthu anaphedwa, ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi ina. Nde uthenga ukabwera wokhudza magazi ine ndimafuna tiwumvetse bwino usanayambe kuthamanga wokha. Ndipo chovuta cha uthenga uwu nchoti si bodza lonse ayi, muli chilungamo pang'ono, koma achikulungiza moopseza.

Gulu la magazi ndi chani kwenikweni

Maselo ofiira a m'magazi athu kunja kwake kuli tinthu tating'onoting'ono ta mtundu wa shuga tomwe timakhala ngati chizindikiro. Musasokoneze ndi matenda a shuga, sizikukhudzana, komanso si shuga wa mu tiyi. Pafupifupi munthu aliyense ali ndi maziko amodzi omwe akatswiri amawatchula kuti H. Tiyerekeze kuti H ndi chitenje chomwe amayi onse pa mwambo avala chofanana. Wa gulu A wawonjezera duku la mtundu wina, wa gulu B duku la mtundu winanso, wa AB ali ndi maduku onse awiri, pomwe wa O wangovala chitenje chokhacho kumutu kulibe kanthu. Kusiyana kwake nkomweko basi.

Amene anatulukira izi ndi Karl Landsteiner ku Vienna m'dziko la Austria, cha m'ma 1900 ndi 1901. Iye ankatenga magazi ake ndi a anzake a mu labu nkumasakaniza maselo a uyu ndi madzi a m'magazi a uyo, nde anaona kuti pena maselo akumatana mibulumibulu pena ayi. Anapeza magulu atatu, ndipo lachinayi la AB linapezeka mu 1902 ndi anthu ena awiri, Alfred von Decastello ndi Adriano Sturli. Landsteiner analandira mphoto ya Nobel mu 1930 chifukwa cha ntchito imeneyi. Gululi timatengera kwa makolo, mbali ina kwa mayi ina kwa bambo, ndipo malangizo ake amakhala pa kromosomu nambala 9 mu DNA yathu, omwe Fumiichiro Yamamoto ndi anzake anakwanitsa kuwawerenga mu 1990. Silisintha chifukwa cha zakudya, olo mudye bonya chaka chonse kapena nyama tsiku ndi tsiku, A ndi A basi.

Nanga ka positive kapena negative kaja? Kameneko ndi nkhani ina, ya Rh, yomwe inadziwika cha m'ma 1939 ndi 1940. Ndi yofunika kwambiri kwa mayi woyembekezera amene ali negative pomwe mwana m'mimba ali positive, komanso poika munthu magazi. Koma pa nkhani ya kuundana yomwe tikukamba lero mbali yaikulu ndi ya A, B, AB ndi O, nde za Rh tizisiye pomwepa.

Kumatana ndi kuundana ndi zinthu ziwiri

Apa ndi pomwe ambiri timasokonezeka, chifukwa pa Chichewa zonse timangoti magazi agwirana. Amene munapitako kukapereka magazi a Malawi Blood Transfusion Service akabwera pa sukulu kapena pa tchalitchi, kapena munaonako a mu labu akuyeza gulu, mukudziwa kuti amadonthetsa magazi pa kagalasi kapena ka thailosi nkuthirapo timankhwala, pakapita kanthawi dontho lina limaoneka ngati mchenga. Uko ndi kumatana. Zimachitika chifukwa asilikali a m'thupi amagwira selo lililonse lovala duku lachilendo, wa gulu A ali ndi asilikali odana ndi B, wa B odana ndi A, wa O odana ndi onse awiri, wa AB alibe odana ndi aliyense mwa awiriwa. Nchifukwa chake kuchipatala samangotenga magazi a m'bale wanu nkukuikani osayeza.

Kuundana ndi kwina. Mukapha mbuzi pa chinkhoswe kapena pa sadaka nkutchera mbale kuti mupeze uwende, pakapita mphindi zochepa magazi aja amalimba ngati chiwindi, palibe magazi achilendo omwe asakanizidwapo, aundana okha. Chimodzimodzi mukadzicheka ndi chikwanje kumunda, bala limasiya kukha lokha. Kuundana kumeneku ndi mphatso, popanda iko bwenzi tikufa ndi kabala ka lezala. Vuto limabwera pokhapokha magazi akaundana malo olakwika, mkati mwa mtsempha umene sunaduke.

Mmene magazi amaundanira

Taganizani ngalande ya kudimba yagumuka mbali imodzi madzi akuthawa. Choyamba mumaponyapo zibuluma ndi udzu mwachangu kuti madzi achepe mphamvu, kenako mumakhomapo zikhomo nkulukapo kuti zisakokoloke. Thupi limachitanso chimodzimodzi. Mtsempha ukang'ambika timaselo tating'ono totchedwa ma platelet timathamangira pabalapo nkuunjikana, izo ndi zibuluma zija. Kenako mapuloteni angapo a m'magazi amadzutsana, uyu adzutsa uyo, uyo adzutsa winayo, ngati mmene uthenga wa maliro umayendera m'mudzi, mpaka pamapeto pake papangike ulusi wotchedwa fibrin womwe umaluka ukonde nkumanga zonse pamodzi. Mapuloteni amenewa anawapatsa manambala, ndipo m'modzi amene tikumufuna pa nkhani yathu ndi factor VIII, nambala 8. Munthu amene alibe factor VIII wokwanira ndi amene amadwala haemophilia, matenda aja oti mwana wamwamuna akavulala pang'ono magazi osasiya, mawondo kumangotupa.

Magazi akaundana mkati mwa mtsempha wakuya wa m'mwendo, madokotala amati DVT. Mwendo umodzi umatupa, umapweteka makamaka pa katumba, umatentha, pena khungu kusintha mtundu. Choopsa nchoti chibulumacho chikhoza kuthothoka nkuyenda ndi magazi kudutsa mu mtima mpaka kukatseka mitsempha ya m'mapapo, apo munthu amayamba kubanika mwadzidzidzi, chifuwa kubaya akamapuma, mtima kuthamanga, ena kutsokomola magazi, ena kungogwa. Ife a ku Mulanje tikudziwa mipope ya madzi ochokera m'phiri ija, zinyalala zikalowa kumtunda sizitseka pomwe zaloweramo, zimakatseka kumunsi komwe paipi yachepa. Ndi zomwezo.

Dokotala wina wa ku Germany, Rudolf Virchow, analemba za kuyenda kwa zibuluma zimenezi cha m'ma 1856, ndipo mpaka lero ophunzira zaudokotala amaloweza zinthu zitatu zomwe zimatchulidwa ndi dzina lake: magazi kuyenda pang'onopang'ono, khoma la mtsempha kuvulala, ndi magaziwo kukhala okonzeka kuundana mopitirira. Gulu la magazi limalowa pa chachitatucho, ndipo limalowa kudzera pa chinthu chimodzi chomwe dzina lake ndi lovutirako kutchula.

Ulimbo wa von Willebrand

Mu 1924 dokotala wa ku Helsinki m'dziko la Finland, Erik von Willebrand, anamubweretsera kamtsikana ka zaka 5 kochokera ku zilumba za Åland. Kankatuluka magazi m'mphuno ndi m'kamwa osasiya, ndipo azichemwali ake angapo anali atamwalira kale ndi vuto lomwelo ali aang'ono. Dokotalayu anafufuza banja lonse nkuona kuti si haemophilia yodziwika ija chifukwa iyi ikugwira akazi ndi amuna omwe, nde mu 1926 analemba za matenda atsopanowa. Mtsikana uja anadzamwalira atangotha msinkhu, magazi a kumwezi atakana kusiya. Ndikamaganiza za iyeyu ndimakumbuka atsikana athu angati amene amataya magazi ambiri mwezi ndi mwezi nkumangouzidwa kuti ndi chilengedwe, pirira.

Puloteni yomwe inkasowa m'banja limenelo inadzadziwika bwino m'zaka za m'ma 1970 ndipo anaitcha von Willebrand factor. Ine ndimaitchula kuti ulimbo, amene munakulira kumudzi mukutchera mbalame mwamva kale. Imapangidwa kwambiri ndi maselo a m'khoma la mitsempha, ndipo imayenda m'magazi itadzipinda ngati mpira wa ulusi. Pakakhala bala imatambasuka nkukhala zingwe zazitali zomata, mbali ina kumata pabala mbali ina kukola ma platelet akudutsa. Ntchito yake yachiwiri ndi kubereka factor VIII kumsana ngati mwana, chifukwa factor VIII akamayenda yekha m'magazi sachedwa kuwonongeka. Nde ulimbo ukachuluka factor VIII nayenso amachuluka, ukachepa naye amachepa.

Tsopano apa ndi pomwe nkhani ziwiri zija zikukumana. Maduku aja a A ndi B sali pa maselo ofiira okha, ali pa ulimbowunso. Ulimbo wa munthu wa gulu O, womwe uli ndi chitenje chokha, thupi limauchotsa m'magazi mwachangu kusiyana ndi wa anthu a magulu enawo, komanso pali puloteni ina yotchedwa ADAMTS13 yomwe ntchito yake ndi kudula zingwezi kuti zisatalike mopyola, ndipo mu labu zimaoneka kuti imadula mosavuta ulimbo wa gulu O. Zotsatira zake nzoti anthu a gulu O amakhala ndi ulimbo wochepa ndi pafupifupi 25 pa 100 poyerekeza ndi enawo. Mu 1987 Joan Gill ndi anzake ku Milwaukee, America, anayeza anthu opereka magazi opitirira 1,000 ndipo anapeza kuti pa muyezo wa kuchuluka kwa ulimbowu a O ali pansi, cha m'ma 75, kenako A cha m'ma 106, B cha m'ma 117, ndipo AB pamwamba cha m'ma 123. Koma mvetsetsani, awa ndi manambala apakatikati a gulu lonse, mukatenga anthu awiri pa Chitakale wa O akhoza kupezeka ndi ulimbo wambiri kuposa wa A, chifukwa ulimbowu umakweranso ndi ukalamba, mimba, matenda, olo kuthamanga kumene.

Chodabwitsa nchoti madokotala anaona kugwirizanaku asanadziwe chifukwa chake. Mu 1969 Hershel Jick ndi anzake analemba mu magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti pakati pa amayi achitsikana omwe anadwala kuundana kwa magazi ku America, Britain ndi Sweden, makamaka omwe ankamwa mapilitsi olera kapena anali oyembekezera, a gulu O anali ochepa kuposa mmene zimayenera kukhalira. Kuyambira pamenepo kafukufuku wabwerezedwa kambirimbiri, wina wamkulu ndi wa mu 2016 yemwe anatsatira anthu opereka magazi okwana 1.5 miliyoni ku Sweden ndi Denmark, ndipo yankho limabwera lofanana, anthu omwe si a O amadwala DVT ndi kutsekeka kwa mitsempha ya m'mapapo mochulukirapo, penapake pakati pa kamodzi ndi theka ndi kawiri. Nde mbali iyi ya uthenga wa azakhali ija ndi yoona, sindikubisani.

Nanga chiopsezocho nchachikulu bwanji

Mawu oti "kawiri" amaopsa, koma funso loyenera ndi loti kawiri ka chani. M'maiko a ku Ulaya ndi America komwe amawerenga bwino zinthuzi, pa akuluakulu 1,000 aliwonse ndi m'modzi kapena awiri amene amadwala kuundana kwa magazi m'mitsempha ya m'miyendo kapena m'mapapo pa chaka, ndipo ambiri mwa iwo ndi achikulire. Tiyerekeze mudzi wa anthu 1,000 a gulu O, chaka chino adwala m'modzi. Mudzi wina wa anthu 1,000 a gulu A, adwala awiri. Ndi kawiri ndithu, koma anthu 998 a m'mudzi wachiwiriwo chaka chatha bwinobwino osadziwa nkomwe kuti kuli nkhani yotere. Ndipo anthu omwe si a O si kagulu kochepa ayi, kuno ku Malawi ndi pafupifupi theka la tonse, nde simungati theka la dziko ndi odwala.

Pa sitiroko ndi matenda a mtima, omwe amachokera ku mitsempha yotuluka mu mtima, kusiyanaku nkochepa kwambiri. Mu 2022 magazini ya Neurology inatulutsa kafukufuku wotsogozedwa ndi a University of Maryland wokhudza anthu omwe anachita sitiroko asanafike zaka 60, ndipo anapeza kuti a gulu A chiopsezo chawo nchokwererapo pang'ono, chosafika 20 pa 100, a O nchotsikirapo pang'ono. Eni kafukufukuyo ananena okha kuti anthu a gulu A asade nkhawa kapena kuyamba kukayezetsa zapadera chifukwa cha zimenezi. Ndikukhulupirira kuti mauthenga ambiri omwe akuzungulirawa anachokera pa nkhani ngati imeneyi, kenako aliyense popatsira mnzake nkumathirako mchere. Kwa sitiroko, BP yokwera yomwe munthu sakumwera mankhwala ndi yoopsa kutalitali kuposa chilembo cha m'buku.

Azakhali ndinawafotokozera ndi dengu lawo lomwe. Ndinati zakhali, mukafika pa sikelo ya tiyi, dengu lopanda kanthu limakhala ndi kulemera kwake, lina limalemererapo pang'ono kuposa linzake, koma chomwe chimathyola msana ndi masamba omwe mwaikamo. Gulu la magazi ndi kulemera kwa dengu. Masamba ndi zinthu izi: opaleshoni yaikulu, kuthyoka mwendo nkuikidwa chikhakha, kugona pabedi masiku ambiri osadzuka, khansa, mimba ndiponso makamaka masabata 6 oyamba mayi atachira, mapilitsi olera okhala ndi estrogen, kunenepa kwambiri, ukalamba, kukhala kuti munadwalapo kale kapena m'banja mwanu alipo anadwalapo. Kuno kwathu tiwonjezerepo HIV ndi TB, zonse ziwiri zimadziwika kuti zimakweza chiopsezochi, makamaka munthu akadwalika.

Ndipo pali ulendo wa ku Joni. Anyamata ndi atsikana athu angati a ku Thyolo ndi Mulanje amakwera basi pa Blantyre kudutsa Mwanza, Tete, Zimbabwe mpaka Beitbridge, kuposa tsiku lathunthu miyendo ili yopinda, katundu pansi pa mapazi, madzi osamwa poopa kuti basi siima pokodza. Kukhala malo amodzi maola ambiri choncho kumachedwetsa magazi m'miyendo, chinthu choyamba cha Virchow chija. Basi ikaima pa boda tsikani muyendeyende, muli pampando muzigwedeza mapazi ngati mukupalasa mashini osokera, imwani madzi. Izi ndi za aliyense, wa O ndi wa AB yemwe.

Za mapilitsi ndinene bwino chifukwa sindikufuna wina asiye kulera chifukwa cha ine. Mimba payokha imakweza chiopsezo cha kuundana kuposa mmene mapilitsiwo amachitira, ndipo njira zolerera zilipo zambiri, zina zilibe estrogen. Anamwino akamafunsa za BP, fodya, mutu waching'alang'ala kapena ngati munatupapo mwendo, akufufuza masamba a m'dengu aja, ayankheni zoona. Ndipo chonde musayambe kumwa asipirini tsiku ndi tsiku kuti "ndisungunule magazi" chifukwa choti ndinu A kapena B. Asipirini amatha kuyambitsa kutuluka magazi m'mimba, komanso si mankhwala a DVT. Kuchipatala amagwiritsa ntchito ena monga jakisoni wa heparin ndi mapilitsi a warfarin, ndipo warfarin amafuna kuyezedwa magazi pafupipafupi chifukwa amasokonezana ndi mankhwala ena, kuphatikizapo rifampicin wa TB.

Mwendo umodzi ukatupa nkumapweteka popanda chifukwa chooneka, kapena mwayamba kubanika mwadzidzidzi, makamaka mutangochira kumene, mutachitidwa opaleshoni kapena mutangotsika basi ya ulendo wautali, musathowe, musateme mphini, musadikire kuti tione mawa. Pitani pa chipatala chomwe muli nacho pafupi, kaya ndi cha boma ku Mulanje kapena ku Thyolo, kaya Mulanje Mission, kaya Malamulo ku Makwasa, ngati pafunika zambiri iwo adzakutumizani ku Queens. Ndipo musanene kuti ine ndine wa O sizingandichitikire, a O nawonso amadwala.

Mbali inayo ya gulu O

Uthenga uja unapangitsa gulu O kuoneka ngati lamwayi pa zonse, koma ulimbo wochepa uli ndi mtengo wake. Mtundu wofala wa matenda a von Willebrand, uja woti ulimbo ulipo koma wochepa, umapezeka kwambiri mwa anthu a gulu O, mpaka madokotala amavutika kusiyanitsa kuti uyu akudwaladi kapena ndi O chabe amene ali kumunsi kwa muyezo. Kuyambira m'ma 1950 zinadziwikanso kuti zilonda za m'mimba, ndi kutuluka magazi kwake, zimapezeka mochulukirapo mwa a O. Kolera nayenso, kafukufuku wa ku Bangladesh anaonetsa kuti a gulu O akaitenga amadwalika kwambiri, ndipo ife amene tinaona mliri wa 2022 ndi 2023 tikudziwa kuti kolera si nkhani ya kutali.

Koma pa malungo zinthu zimatembenukanso. Maselo ofiira omwe alowedwa ndi kachilombo ka malungo amakonda kumata maselo abwinobwino nkupanga timagulu tomwe timatseka timitsempha ting'onoting'ono, kuphatikizapo ta mu ubongo. Timagulu timeneti timakhala tatikulu ndi tolimba m'magazi a A ndi B kuposa a O. Mu 2007 Alexandra Rowe ndi anzake anaonetsa pa ana a ku Mali kuti a gulu O sadwala malungo aakulu kwambiri ngati enawo, ndipo akatswiri ena amaganiza kuti nchifukwa chake O ndi wochuluka m'madera a malungo ngati kuno. Ku Blantyre komweku kafukufuku wa mu 2011 anapeza kuti ana odwala malungo ulimbo wa von Willebrand umawakwera kwambiri m'magazi. Koma izi sizikutanthauza kuti mwana wa O agone kunja kwa neti, malungo amagwira gulu lililonse ndipo amapha gulu lililonse.

Za Covid ndi katemera

Ena munayamba kumva nkhaniyi nthawi ya Covid. Mu June 2020 kafukufuku wa odwala a ku Italy ndi Spain anapeza kuti a gulu A ankadwalika mochulukirapo, a O mochepera. Ofufuza ena pambuyo pake anapeza kusiyana kochepa, ena sanapeze konse. Chomwe chili chodziwika nchoti Covid yoopsa imakweza ulimbo uja ndipo imayambitsa kuundana kwa magazi mwa odwala ambiri ogonekedwa.

Kuundana kosowa kuja komwe kunamveka mu March 2021 pa katemera wa AstraZeneca, mwezi womwewo katemerayu atangofika kuno ku Malawi, ndi nkhani ina yosiyana. Kumeneko asilikali a m'thupi mwa anthu ochepa kwambiri ankaukira puloteni ya ma platelet yotchedwa PF4, njira yake si ya ulimbo ndi maduku ija.

Pomwe akatswiri sanagwirizane

Funso lalikulu kwa ife ndi loti manambala onsewa akutikhudza bwanji. Sweden, Denmark, Milwaukee, ambiri mwa anthu omwe anayezedwa ndi azungu. Pali zinthu zomwe zimasiyana ndithu, mwachitsanzo factor V Leiden, chibadwa china chokweza kuundana chomwe chinapezeka mu 1994 ku Leiden m'dziko la Netherlands, chili mwa azungu pafupifupi 5 pa 100 alionse koma mwa anthu akuda a mu Africa nchosowa kwambiri. Mbali inayi, kafukufuku wa anthu akuda a ku America amaonetsa kuti ulimbo ndi factor VIII zawo zimakhala zokwererapo kuposa za azungu. Nde kodi kwa mayi wa ku Limbuli amene ali ndi gulu B, ali pa ma ARV, wadwalapo malungo kangapo ndipo wangochira kumene, dengu lake likulemera bwanji? Akatswiri akufunikabe kuyeza anthu ngati iyeyu ambirimbiri kuti ayankhe, ndipo kuyeza DVT kumafuna sikani ya mwendo yomwe zipatala zing'onozing'ono zambiri zilibe, kutanthauza kuti odwala ena sawerengedwa nkomwe.

Funso lachiwiri ndi loti kodi dokotala azigwiritsa ntchito gulu la magazi posankha chochita. Ena akuti inde, nchinthu chodziwika kale, chotchipa kuyeza, bwanji osachiwerengera poganiza kuti ndani apatsidwe jakisoni woteteza kuundana akachitidwa opaleshoni kapena posankha njira yolerera. Ena akuti ayi, kusiyanako nkochepa kwa munthu m'modzi, ndipo mukayamba kupereka mankhwala osungunula magazi kwa theka la anthu mudzayambitsa kutaya magazi kochuluka kuposa kuundana komwe mwapewa. Pakadali pano njira zomwe madokotala ambiri amagwiritsa ntchito poyeza chiopsezo siziwerengera gulu la magazi.

Palinso kukangana pa kutaya magazi pochira, vuto lomwe limatenga amayi ambiri kuno kwathu. Kafukufuku wina amapeza kuti amayi a gulu O amataya ochulukirapo pang'ono, wina sapeza kusiyana, ndipo mimba payokha imakweza ulimbo mwa mayi aliyense nde nkovuta kulekanitsa. Chimodzimodzi pa anthu ovulala kwambiri pa ngozi, pali malipoti oti a O amataya magazi ambiri ndipo ena akutsutsa.

Ngakhale mkati mwa labu momwe nkhani sinathe. Kodi ulimbo wa O umachepa chifukwa choti thupi limauchotsa nsanga basi, kapena kudulidwa ndi ADAMTS13 kuja nako kuli ndi gawo lalikulu mwa munthu wamoyo osati mu botolo mokha? Kodi ulimbo ndi factor VIII zikufotokoza kusiyana konse, poti malo omwewo a pa kromosomu 9 amakhudzanso mapuloteni ena a m'khoma la mitsempha ngakhale mafuta a m'magazi? Ndipo gulu A lenilenilo lili ndi timagulu take, A1 ndi A2, pomwe A2 amaoneka kuti ali pafupi ndi O pa nkhani ya kuundana, koma buku la kusikelo ngati la azakhali anga limangolemba A osanena kuti ndi A uti.